Chaka Chimene Ndinakana Kuwombera Galu wa Mayi Jere

Ana anga, pa maliro a malume anu ku Nabvutika ndinamva munthu wina akufotokozera anzake nkhani ya galu wa Mayi Jere, ine ndili chikhalire kumbuyo kwake. Anati Mbewe wa ku ofesi ya ziweto, kunena ine, anakonda galu kuposa mdzukulu wake. Munthuyo sanalipo tsiku limenelo, galuyo sanamuonepo, koma anthu ankagwedeza mitu. Koma pamaliro si pokangana. Ndalemba mutu uno kuti inu mukhale ndi nkhaniyi monga inachitikira. Za ubwana wanga ndazisiya dala. Ndiyambira pamene ndinayamba ntchito, chifukwa munthu sangamvetse zimene ndinachita ku Kapata asanadziwe zimene ndinaona kumudzi.

Chiparamba, zaka za m'ma 1980

Ntchito yanga yoyamba inali ya wothandiza dokotala wa ziweto ku Chiparamba. Anandipatsa njinga yopanda mabuleki, ovolosi yayikulu kundiposa, mfuti yakale, ndi kanyumba pafupi ndi dibi, lomwe ndi dziwe la simenti losambitsiramo ng'ombe kuti nkhupakupa zife. Bwana wanga woyamba anali a Daka, munthu wanthabwala amene ankabwera akafuna. Mankhwala a m'dibi ankatha kawirikawiri, koma alimi ankabwerabe ndi ng'ombe zawo n'kuzilowetsa m'madzi wamba. A Daka ankafuna ndizilemba kuti ng'ombezo zasamba. Ine ndinakana. Iwo anaseka n'kunena kuti, "Mbewe, ng'ombe siziwerenga malipoti." Ndinawayankha kuti, "N'zoona bwana, koma nkhupakupa nazo siziwerenga." Kuyambira pamenepo ndinayamba kusunga kope la pepala lililonse limene ndasaina, ndipo sutikesi ya mapepala imene amayi anu amadandaula nayo inayambira kumeneko.

Kumeneko n'kumene ndinaona chiwewe koyamba. Mlimi wina wa mtedza, bambo wa ana aang'ono, analumidwa ndi galu wake ali kumunda. Abale anapha galuyo, anawotcha ubweya wake n'kupaka phulusa pabala monga ankachitira makolo, kenako anakwirira galuyo. Ine anandiuza patapita milungu, bamboyo atayamba kale kukana madzi. Ndinamuona atamangidwa ndi nsalu pamphasa, akupempha madzi, akawaona n'kukuwa. Sindilemba zambiri za iye. Ndingonena kuti chichokere tsiku limenelo sindinasewerepo ndi chiwewe. Agalu ndawombera ambiri pa ntchito yanga, ena eni ake akulira.

Ofesi ya m'tauni, zaka za m'ma 1990 ndi zotsatira zake

Atandisamutsira m'tauni, imodzi mwa ntchito zanga inali yotumiza mitu ya agalu ku Lusaka kuti akaipime. Galu wokayikitsa akaluma munthu, tinkamupha, kudula mutu, kuuika m'chitini cha ayezi n'kuutumiza, chifukwa chiwewe amachipeza mu ubongo. Papepala njira imeneyi ndi yabwino. Koma ayezi ankasowa, galimoto ya ofesi inkakhala yopanda mafuta, ndipo makondakitala a mabasi akangomva zimene zili m'chitini ankachisiya pa siteshoni. Nthawi zambiri yankho linkabwera lonena kuti mutu wafika utawola, sanathe kupima. Nthawi zina silinkabwera n'komwe. Makope a zonsezi ndili nawo. Ine ndi amene ndinkapita kwa makolo a mwana wolumidwa kukawauza kuti sitikudziwa kanthu, ndipo palibe bwana amene anandiperekezapo.

Mabwana anadutsa ambiri, abwino ndi oipa. Amene anakhalitsa anali a Sakala, oyang'anira ofesi, osati dokotala. Iwo ankasunga makiyi a galimoto ndi a kabati ya mfuti, ndipo ankakonda kuti nkhani ithe msanga anthu asanayambe kudandaula. Pa zaka zonsezo ndinaphunzira chinthu chimodzi chimene iwo sanafune kuchimva. Galu wakufa amene mutu wake wawola sangakuuze kanthu. Galu wamoyo amakuuza, chifukwa wachiwewe akayamba kudwala sachira, amafa pasanathe masiku khumi. Akapitirira pamenepo ali moyo, ndiye kuti malovu ake analibe chiwewe tsiku limene analuma munthu.

Kapata, chaka chimene magetsi ankazima tsiku ndi tsiku

Ndinali nditatsala pang'ono kupuma pa ntchito. Magetsi ankachoka m'mawa n'kubwera anthu atagona, makala anakwera mtengo, ndipo firiji ya ku ofesi kwathu inasanduka kabati ya mafaelo. Dokotala wathu anali Dokotala Mulenga, mtsikana wa kumpoto wodziwa ntchito yake, koma sabata imeneyo anali ku msonkhano ku Lusaka. Ofesi inatsala m'manja mwa a Sakala.

Iwe Yohane unkakhala nyumba yoyandikana ndi ya Mayi Jere, mphunzitsi wopuma komanso mayi wa mvano, amene amuna awo anali atamwalira chaka chapitacho. Malemuwo anasiya nyumba, mpanda wa njerwa umene anaumaliza atatsala pang'ono kudwala, ndi galu wamkulu wofiirira dzina lake Taiga. Mwana wako Tamanda, pa nthawiyo ali giredi thu, ankapita kwa Mayi Jere masana kukaphunzira kuwerenga. Tsiku lina masana foni yanga inalira. Anali Mayi Jere: "A Mbewe, bwerani msanga, Taiga waluma mwana."

Ndinapeza anthu atadzaza pageti, ena ndi miyala, ena ndi mipini. Galu anali pakhonde, atawonda nthiti kuonekera, khosi litapindika, maso atatong'oka, malovu akutuluka. Ankayesa kudzuka n'kugwa chammbali. Mayi Jere anandiuza kuti anayamba ndi kukana chakudya, kenako kusanza, kenako kuyenda ngati woledzera. Masanawo anagwa n'kuyamba kuphupha, ndipo Tamanda anathamanga kukamugwira mutu kuti asadzimenyetse pasimenti. Mano anamugwira padzanja. Bala silinali lalikulu koma linatuluka magazi. Ndinamutengera mwanayo pa dramu la madzi n'kutsuka balalo ndi sopo kwa nthawi yaitali. Iye anati, "Ambuya, sopo akuwawa." Ndinati, "Pirira mkazi wanga, dzanja ili likapanda kuchira adzandiphikira ndani?" Anaseka misozi ili m'maso. Kenako ndinapempha khadi la katemera la galuyo. Womubaya komaliza ndinali ine ndemwe, a Jere ali moyo, ndipo nthawi yake inali itatha kalekale.

Iwe ndi mkazi wako munathamangira kuchipatala. Anatsuka bala, koma katemera wa chiwewe analibe, anati mufunefune kwina. Unaimbira msuweni wako ku Lusaka kuti agule n'kutumiza pa basi. Pobwerera unapeza a Sakala atafika ndi galimoto ya ofesi, imene tsiku limenelo inapeza mafuta, atanyamula mfuti.

A Sakala anandipatsira mfutiyo n'kunena kuti, "Mbewe, womberani. Anthu akuonera."

Ndinafunsa kuti, "Ndikawombera, mutu tiuika m'chiyani, bwana? Ayezi ali kuti m'tauni muno?"

"Tidzaona mawa."

"Mawa udzakhala ukununkha. Inu mukudziwa mayankho amene timalandira."

Pamenepo iwe unandiyandikira, maso atafiira, n'kunena kuti, "Atate, uyu ni mwana wanga. Manje inu mufuna kusunga galu?"

Ndinakuyankha pamaso pa anthu onse, ndipo ndikukumbukira bwino mawu anga. Ndinati, "Yohane, kupha galuyu sikuchotsa kanthu m'dzanja la Tamanda. Chimene chalowa chalowa. Akafa lero ndi chipolopolo, tidzakhala miyezi tikumuyang'ana mwanayu nthawi iliyonse akakana madzi kapena akatentha thupi. Ndimutsekera, katemera timufunefune ndithu, koma galuyu akhale moyo kuti atiuze."

Mayi wina pageti anakuwa kuti, "Madala apenga awa, penshoni yawazunguza isanabwere!" Anthu anaseka. A Sakala anati adzandilembera kalata ya chenjezo chifukwa chokana lamulo. Ndinawauza kuti alembe, koma andipatseko kope. Ndinatenga ndodo ya khwekhwe imene timagwirira agalu, ndinamukulunga Taiga m'masaka n'kumukweza m'galimoto. Kuseri kwa ofesi kunali khola la zitsulo. Ndinamutsekera mmenemo, kiyi n'kuika m'thumba mwanga.

Musaganize kuti ndinkadziwa chimene galuyo ankadwala. Sindinkadziwa. Inenso ndinkakhulupirira kuti ndi chiwewe, ndipo m'mawa uliwonse ndinkapita kukholako ndikuyembekeza kupeza mtembo. Zinali zoona kuti sankaluma zitsulo ndipo ankayesa kunyambita madzi, koma chilipo chiwewe china chachete chimene chimangofoola galu, choncho zimenezo sizinanditonthoze. Katemera anafika m'fulasiki, basi itawonongeka panjira, ayezi atasungunuka yense. Anesi anamubaya Tamanda, koma palibe amene akanalumbira kuti mankhwalawo anali adakali ndi mphamvu. Iwe unasiya kundiyankha foni. Amayi anu anasamukira kunyumba kwako kukakhala ndi mwanayo, ndipo potuluka anandiuza kuti, "Bambo a Yohane, mwina mukulondola, koma kulondola kwanuku kukutilemera."

Munthu mmodzi yekha ndi amene ankabwera kukholako. Mayi Jere ankafika m'mawa uliwonse atanyamula mbale yovindikira bwino ndi kansalu koyera, muli chakudya cha Taiga, ngakhale galuyo sankachikhudza. Dokotala Mulenga atabwerako ku msonkhano, anadzera kuseri asanalowe n'komwe mu ofesi. Anamuyang'ana galu nthawi yaitali, anamuwalitsa tochi ya foni m'maso, anandifunsa mmene zinayambira. Kenako anaona mbale ija. Chinyanja chake chinali chosakaniza ndi cha kwawo, koma chinkamveka.

Anafunsa kuti, "Mayo, uyu amadya chani masiku onse?"

Mayi Jere anawongoka ngati ali m'kalasi. "Galu wa a Jere sadya gaga ngati nkhumba, adokotala. Chimanga ndimakonola ndekha, ndimaviika, ndimagayitsa. Ufa woyera umene ndimadya ine ndi umene amadya iye."

"Nanga nyama?"

"Tsiku lililonse. Mapapo ndi mitsempha ya ku butchala. Kungoti ndi yolimba, ndipo makala mukudziwa mmene adulira. Ndiye ndimathira soda kuti ifewe msanga, ngati mmene tichitira ndi therere. Madzi oyamba ndimataya, amakhala ndi thovu. Ndimaphika ya sabata yonse, ndipo poti firiji ilibe malaiti, ndimaiwiritsanso m'mawa ndi madzulo kuti isasase."

"Mwayamba liti kuphika choncho?"

"Chiyambire vuto la malaitili."

"Amatulukako kumpanda?"

"Taiga? Kukadya za kudzala? Ayi ndithu. Ine ndine munthu waukhondo."

Dokotala anakhala pa njerwa imene inali pamenepo n'kutifotokozera, ndipo ine ndinamvetsera ngati mwana wasukulu. Anati m'zakudya muli vitamini wina wotchedwa B1 amene ubongo umadalira kuti upeze mphamvu, ndipo thupi silimusunga wambiri. M'chimanga, vitaminiyu amakhala m'gaga, ndiye pokonola ndi poviika amachoka. M'nyama alimo, koma amawonongeka ndi moto wautali, amawonongeka msanga kwambiri mukathira soda, ndipo wotsalayo amapita ndi madzi otayidwa aja. Galu akadya chakudya chotere chokhachokha kwa milungu yambiri, amayamba kukana kudya, kusanza, kudzandira, kenako kuphupha, chifukwa mbali zina za ubongo zikufa ndi njala mimba ili yokhuta. Anati agalu a kumudzi amene timawamvera chisoni, odya gaga ndi mbewa ndi zotola, kawirikawiri vuto limeneli sakhala nalo.

Mayi Jere anagwira pakamwa. "Ndiye kuti ndine ndamudwalitsa?"

Dokotala anati, "Mwamudyetsa ngati munthu, mayo. Koma inu mumadyanso nyemba, nsinjiro, masamba. Iye anali ndi mbale iyi yokha." Kenako anatembenukira kwa ine. "Ba Mbewe, sindikulonjeza kanthu. Chikhoza kukhala chiwewe ndithu, ndipo mwana apitirize katemera. Koma tiyese. Ngati ni vitamini, tidzaona msanga."

Mu ofesi mwathu munalibe ngakhale botolo limodzi la vitaminiyo, ngakhale ndinali nditalemba kangapo kupempha chifukwa cha mbuzi zimene zimadwala nthenda yofanana. Dokotala anakagula yekha ku sitolo ya mankhwala a ziweto. Ine ndinagwira galu ndi ndodo ya khwekhwe, ndinamumanga kukamwa, iye anavala magolovesi awiriawiri n'kumubaya jakisoni. A Sakala anaima patali, pafupi ndi chitseko, n'kunena kuti akufuna zilembedwe kuti iwo sanavomereze.

M'mawa mwake ndinapeza Taiga atadzutsa mutu. Sindinauze munthu, ndinaopa kuti maso anga akundinamiza chifukwa cha kufunitsitsa. Tinamubayanso. Tsiku lotsatira ndinamupeza ataimirira, miyendo itatangadza ngati thole longobadwa kumene, koma ataimirira. Dokotala anandituma kukagula chiwindi, tinachiphika pang'ono chabe popanda soda, tinasakaniza ndi phala la gaga. Ndinakankhira mbale m'khola ndi ndodo. Galuyo ananunkhiza, anayamba kudya, anamaliza, ananyambita mbale mpaka inagunda zitsulo. Ana anga, ine ndaona agalu ambiri achiwewe, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe amene ndinamuona akubwerera chotero. Ndinakhala pansi pafumbi ndi ovolosi yanga, munthu wamkulu, ndipo Dokotala anayang'ana kumbali kuti asandichititse manyazi.

Ngakhale zinali choncho sitinamutulutse. Anakhala m'khola mpaka masiku khumi aja anakwana, akulandira jakisoni, akudya, akuwuwa a Sakala nthawi iliyonse akadutsa. Khosi linatsala lopendekeka pang'ono, ndipo Dokotala anati mwina lidzakhala choncho, chifukwa ubongo suchira wonse ukavutika nthawi yaitali. Kalata ya chenjezo inalembedwa ndithu. Palibe amene anaifafaniza, ndinapuma nayo pa ntchito, ndipo kope lake lili m'sutikesi.

Pano ndiike malangizo, chifukwa nonse muli ndi agalu m'mipanda yanu. Galu abayidwe katemera chaka chilichonse, mwini wake ali moyo kapena atamwalira. Munthu akalumidwa, tsukani bala ndi sopo ndi madzi ambiri, thamangirani kuchipatala tsiku lomwelo, musadikire kuona ngati galu afa. Galu wodwala musamugwire ndi manja, itanani a ziweto. Ndipo pa chakudya, musanyoze gaga, musathire soda m'nyama ya galu, musataye msuzi, musawiritse chinthu chimodzi sabata yonse.

Tsiku lomutulutsa, a Sakala anati galimoto ilibe mafuta. Sindinadandaule, chifukwa sindinkaifuna. Ndinamubaya Taiga katemera wake, ndinamumanga chingwe, ndinayenda naye wapansi kuchokera ku ofesi mpaka ku Kapata, dzuwa lili pamutu, pang'onopang'ono, kudutsa pamsika. Ndinkafuna aliyense amene ananyamula mwala tsiku lija amuone. Mayi uja amene anakuwa za penshoni anali pa tebulo lake la tomato. Ndinamupatsa moni mwaulemu, iye anayankha akuyang'ana galu.

Sindinayambire kwa Mayi Jere. Ndinaima pakhomo pako, Yohane. Unatuluka, unayang'ana galu, unayang'ana ine. Taiga anakhala pansi n'kuyamba kudzikanda khutu. Iwe unakhala pa sitepe n'kubisa nkhope m'manja, mapewa akugwedezeka, ndipo mkazi wako ndi amayi anu anatuluka kudzaona chimene chachitika. Tamanda anasuzumira kumbuyo kwa chitenje cha amayi ake, dzanja lili ndi bandeji, n'kufunsa kuti, "Ambuya, ndiye majakisoni atha?"

Unayankha ndiwe, nkhope idakali m'manja: "Umaliza onse, iwe."

Mwanayo anayamba kulira, ife tonse tinaseka. Kenako unadzuka, unalowa m'nyumba, unatuluka ndi mpando wako uja wamanja umene sulola munthu kukhalapo. Unauika pamthunzi n'kuupukuta ndi malaya ako.

Unati, "Atate, khalani. Mwayenda mtunda."